Kadyaubwerere

Mbatata ija inabwerera Lachiwiri. Lachitatu inabwereranso, itaphwanyika mbali imodzi chifukwa chopanikizana ndi mabuku m'chikwama. Lachinayi nditatsegula kabakuli n'kuipeza ili momwe ndinaiikira, yosalumidwa ngakhale kunsonga, ndinakoka mpando wa kukhitchini n'kuyamba kuidya ndekha. Inali yokoma ndithu. Inali ya mtundu uja wofiirira mkati umene akatswiri a zaulimi anautcha Kadyaubwerere, ndipo ndinaseka ndekhandekha poona mmene dzinalo lakwaniritsidwira mokhota: woyenera kudya sanadye, yobwerera n'kukhala mbatatayo.

Mwana wanga wachisamba, wamkazi, anali mu sitandade 2 nthawi imeneyo, pasukulu ina yolipira ya m'dera lathu kuno ku Lilongwe. Musaganize za sukulu zija za mabasi olembedwa dzina m'mbali. Iyi ndi ya mpanda wa njerwa zosapaka, kumene timapititsa ana ife amene malipiro athu amatha mwezi uli pakati. Ndinamuitana.

"Iwe, mbatatayi yalakwa chiyani? Siikukoma?"

"Ikukoma, amayi."

"Nanga bwanji ikumabwerera?"

Anazyolika, chala cha kuphazi chikukanda simenti. "Anzanga amati ndi zakumudzi."

Ndinamulalikira. Ndinamuuza za vitamini A amene ali m'mbatata yofiirira, za maso, za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene anamwino ankatiimbitsa kusikelo iye ali kumsana. Ndinamuuzanso kuti ine mayi ake ndinakulira zakumudzi zomwezo ndipo sindinafe. Anamvetsera mwaulemu ngati mwana wolangidwa bwino. Lachisanu mbatata inabwerera.

Amene sanalongedzepo kabakuli ka mwana angaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Komatu funso loti "mawa atenga chiyani?" limandivuta kuposa la ndiwo zamadzulo. Ndiwo timadyera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Kaya ndi bonya, kaya ndi chigwada chopanda tomato, akudziwa ndi ife eni ake ndi mphika. Kabakuli kamatsegulidwa pagulu, pamaso pa oweruza a zaka zisanu ndi ziwiri amene sadziwa kubisa mawu. Chimene ndaika m'menemo isanakwane 5 koloko m'mawa, magetsi atazima, ndikukupizira mbaula ndi chivundikiro cha poto, chimakafika pabwalo la sukulu ngati kalata yonena za banja lathu. Ndipo woiwerenga pamaso pa anthu ndi mwanayo, ine ndili kuntchito.

Kwathu ku Dedza mayi anga sankanena kuti "chakudya cha pa buleki." Ankati, "Tenga kamba wako." Mawu amenewa ndawamvetsa ndili wamkulu kale. Kamba ndi chakudya cha munthu wapaulendo. Ndi chimene ankakonzera abambo opita ku Joni kapena ku Halale, chimene amamangira munthu wopita kumaliro akutali kapena wokadikirira wodwala kuchipatala. Kwa mayi anga, amene sanafike patali ndi sukulu, mwana wonyamuka mame asanaume, kuwoloka dambo ndi mtsinje, n'kudzabwera dzuwa litapendeka, anali wapaulendo ngati wina aliyense, ndipo wapaulendo sachoka pakhomo chimanjamanja. Ana anga ukawauza kuti "kamba" amaganiza za kapaketi ka mapafu a m'golosale otchedwa Kamba. Sindiwaimba mlandu, ndipo nanenso ndimatolako akatsegula. Ndimangodabwa mmene liwu limodzi layendera, kuchoka m'kansalu komanga mfundo kukalowa m'pulasitiki.

Kamba wathu analibe kabakuli. Chimanga chokazinga tinkathira m'thumba la yunifolomu, ndipo matumba athu onse anali obooka pakona chifukwa cha icho. Tinkachikukuta m'njira, m'kalasi mobisa, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono kuti aphunzitsi asamve. Kalendala ya kamba inkalembedwa ndi munda ndi tchire. Mvula ikamayamba kunali masuku ndi mango. Chakumapeto kwa February kunkabwera mondokwa wophika, kenaka magwafa, kenaka mtedza wauwisi wophikira m'makoko, mbatata, ndi nzimbe zimene tinkayenda nazo paphewa ngati mfuti m'miyezi yozizira. Pakati pa zonsezi panali January ndi February, pamene nkhokwe imalira ukaigogoda. Masiku amenewo mwayi unali kupeza mkute wa nsima ya dzulo, kuuwotcha pamakala, kumwera madzi, n'kunyamuka. Masiku ena ngakhale mkutewo kunalibe.

Ndinali mu sitandade 5 m'chaka cha 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana olembetsa m'dziko lonse anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Ife chiwerengerocho tinachiona ndi maso: kalasi yathu inasamukira pansi pa mkuyu kuti ana a sitandade 1 apeze denga. Ndipo ndikukumbuka kuti pa buleki manja otambasuka anachuluka. Ambiri mwa anzathu atsopanowa anali ochokera m'makomo amene fizi inkawakanika, ndipo khomo lokanika fizi kawirikawiri limakanikanso kamba. Lamulo la pabwalo linali lodziwika ngakhale silinalembedwe pena paliponse. Mnzako akati "ndibenthuleko," umabenthula. Wodyera kuseri kwa chimbudzi ankatchuka ndi kuuma manja mpaka kumaliza sitandade 8.

Ndisakunamizeni kuti kale kunalibe manyazi. Analipo. Mwana wa ahedi ankabwera ndi buledi wopaka majarini, wokulunga m'pepala, ndipo tonse tinkamuzungulira ngati ntchentche. Ine ndinkalota tsiku limene ndidzadye buledi wotero popanda wondipempha. Mwina ndi kamtsikana kolota buledi kameneko kamene kanagonja msanga mwa ine, chifukwa sabata yotsatira ulaliki wanga uja ndinapita kumsika wa ku Area 25 n'kugula belo lathunthu la timapaketi ta zokhwasula, ndi timabotolo ta zakumwa zotsekemera za mitundumitundu.

Kabakuli kanayamba kubwera kopanda kanthu. Mwana ankanyamuka akudumpha. Koma ankafika kunyumba ali ndi zala zachikasu, lilime lofiira, ndi ukali wa munthu wanjala. Zinthu zimenezi ndi mpweya wothira mchere. Zimasangalatsa pakamwa koma m'mimba sizisiyamo kanthu, ndipo ludzu lake limafuna chakumwa china chotsekemera. Thumba nalonso linayamba kulankhula. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chokhala m'paketi chinakwera ngati chaona njoka. Belo limene linkatha milungu itatu ndinayamba kuliwerengera ngati mankhwala.

Njira ina ndi imene makolo ambiri timathawirako tikachedwa: kumupatsira mwana ndalama m'manja kuti akagule yekha. Pachipata cha sukulu iliyonse pamakhala amayi okhala pa timipando, mabeseni ali patsogolo, a mandasi, zigege, zitumbuwa, mbuliwuli ndi mafizesi a malambe. Amayi amenewa sindingawanyoze. Azakhali anga anaphunzitsa ana anayi ndi beseni la mandasi, kudzuka 3 koloko usiku uliwonse kwa zaka zimene sindingaziwerenge. Koma kolera itavuta, mpaka boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, ndinayamba kufunsa mafunso amene kale sindinkafunsa: madzi a m'fizesi achokera pachitsime chiti, ndipo dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo lotola chigege? Komanso mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ukamupatsa ndalama sagula chinangwa. Amagula switi ndi chingamu, n'kukuuza kuti anadya mandasi.

Amene anandiwongola ndi mayi anga, ndipo sanachite kukonzekera. Anabwera kudzationa atasenza thumba la mbatata ndi mtedza, ndipo tsiku lotsatira anaphika thobwa la mawere lodzaza ndowa, lija lonunkhira chimera limene limakoma likagona. Loweruka masana kunabwera alendo, amayi atatu a kumpingo. Ine osaganiza n'komwe ndinaitana mwana uja, kumupatsira ndalama, n'kumunong'oneza kuti athamangire kugolosale akagule Fanta ndi mabisiketi. Ndinatulutsa matambula agalasi amene amakhala m'kabati chaka chonse. Alendo anamwa, tinacheza, tinapemphera, ananyamuka.

Madzulo tikusenda mtedza pakhonde mayi anafunsa, maso ali pa lichero, "Kodi mwananga, thobwa langali ndi lomwera kuseri?"

Ndinati ayi, kungoti alendo a m'tauni anazolowera zina.

"Oho. Ndiye mdzukulu wangayu ukumudabwa chiyani? Iwe ukafuna kulemekeza munthu umatuma kugolosale. Iye akafuna kulemekezeka pakati pa anzake atenge za m'ndowa?"

Sindinayankhe. Ndinapitiriza kusenda mtedza.

Kwa milungu yonse ija ndinkakwiyira ana a eni ake amene anaseka mwana wanga, ndi makolo awo amene ndinkati akuwalera monyada. Sindinaganizepo kuti phunziro loti zakumudzi ndi zochititsa manyazi mwanayo analiphunzira m'nyumba mwanga momwe, kwa ine. Anaona kuti chigumu timadya tikakhala tokha, koma kukabwera abusa timagula buledi. Anaona kuti nkhwani wotendera sufika patebulo tsiku la phwando. Anaona kuti pa tsiku lake lobadwa palibe anatchulapo za chikondamoyo. Palibe tsiku limene ndinanena ndi pakamwa kuti chakudya cha m'paketi yolembedwa Chingerezi ndi chaulemu kuposa chochokera m'munda wa agogo ake, koma manja anga ankanena zimenezo Loweruka lililonse kukagogoda mlendo. Anzake aja anangotchula mokweza zimene ife akuluakulu timachita mwakachetechete. Ndipo mwina kwawonso kuli ndowa ya thobwa yobisidwa kuseri kwa chitseko.

Pali china chimene chimandichititsa manyazi a mtundu wina ndikamadandaula za kabakuli. Ana a mchimwene wanga kumudzi sanyamula kabakuli. Amanyamula kapu yapulasitiki, ena ataimangirira ndi chingwe ku chikwama chosokedwa ndi thumba la feteleza. Pasukulu pawo amalandira phala. Amayi a m'midzi yozungulira amasinthana kudzuka kusanache, kutunga madzi, kusonkha moto pansi pa miphika ikuluikulu, kutakasa ndi mithiko yotalika ngati munthu, osalandira malipiro. Phalalo ndi lija timalitcha Likuni Phala, la ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, lotenga dzina ku Likuni kufupi ndi kuno ku Lilongwe. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yotere m'dziko muno m'chaka cha njala cha 2002, pamene mkulu wina wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, anayamba ndi ana pafupifupi 200 okha, ndipo bungwe la World Food Programme nalonso lakhala likudyetsa ana m'sukulu za maboma angapo. Mlamu wanga amati mu February mwana sachita kudzutsidwa kuti apite kusukulu, kapu imamudzutsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ana amenewo lero ali m'makalasi. M'dziko lotere, mayi wodandaula kuti mwana wabweza mbatata ayenera kudandaula motsitsa mawu.

Komabe pali chimene ndinasirira nditaima pabwalo la sukulu ya ana a mchimwene wanga ija tsiku lina m'mawa. Mzere unali wautali, makapu a mitundu yonse, ofiira, obiriwira, ena ong'aluka m'mphepete. Koma cholowa m'kapu chinali chimodzi. Mwana wa mwini chigayo ndi mwana wamasiye ankapsereza lilime phala lomwelo. Panalibe kalata yoti wina awerengere mnzake. Ndinakatchulako zimenezi pamsonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wanga, kuti bwanji tizisonkha kangachepe ana onse azimwa phala limodzi pa buleki. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti iye salipira fizi kuti mwana wake azimwa phala ngati wa kusukulu ya boma. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo wapampando anapita pa mfundo ya yunifolomu ya masewera. Sindinakwiye kwambiri. Ndinamuzindikira bamboyo: ndi ine ndemwe wa matambula agalasi.

Kunyumba ndinayambira kumene mayi analoza. Alendo akabwera, thobwa limalowa m'matambula a m'kabati aja, ndipo wopereka ndi mwana yemweyo, atagwada bwinobwino. Chigumu ndimachidula mokongola n'kuchiika pa mbale ya maluwa. Mlendo woyamba kulandira anamwa matambula awiri n'kupempha kuti ndimuthirireko m'botolo apite nalo, ndipo ndinaona mwana akumuyang'ana modabwa, ngati waona mphunzitsi akuvina.

Ndinaphunziranso kuti mbali ina ya mlandu wa mbatata sinali manyazi okha. Ndinkalongedza ngati ndikulongedzera munthu wopita kukalima. Buleki ndi yaifupi, ndipo mwana amafuna adye msanga athamangire fulaye kapena phada. Chimbatata chathunthu chozizira, chouma kukhosi, chimafuna munthu wokhala pansi ndi kapu ya tiyi. Nditayamba kuidula tizidutswa n'kuikazinga pang'ono, kuwaza kamchere, theka linayamba kutha. Dzira lophika ndi labwino koma likatsekeredwa m'kabakuli kuyambira m'mawa limatulutsa fungo limene kalasi yonse imalozerana, choncho ndimaliphika tsiku limene iye wapempha yekha. Usipa wokazinga ndinayesa kamodzi, sindidzabwerezanso. Futali ndi thobwa m'mwezi wa October zimasasa belu la buleki lisanalire. Mango ndimasenda ndi kudula, apo ayi yunifolomu imabwera ngati yagwera m'utoto. Chivundikiro chikhale choti tizala take tingathe kutsegula, chifukwa mwana wamanyazi sapita kwa madamu kukapempha thandizo, amangobwera nacho chotseka. Zimenezi palibe anandiphunzitsa. Ndinaziwerenga m'zotsala, madzulo aliwonse, ngati mmene mlimi amawerengera masamba a chimanga.

Mtedza ndimausankha ndi maso awiri. Wofota, wakuda kapena wowawa ndimataya, chifukwa chuku cha mtedza wosauma bwino chili ndi poizoni amene kukazinga sikumuchotsa. Mng'ono wa mwana wangayu, amene ali kusukulu ya mkaka, sindimupatsa mtedza wathunthu kapena masau kuopa kutsamwa. Wake ndimasinja n'kuthira m'phala la m'mawa. Nthochi ndizo zinandikhumudwitsa. Kale zinali chakudya cha aliyense, koma chichokereni matenda a chisaka amene anapululutsa minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, zambiri zimene timagula zimachokera ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo mtengo wake umachita kufunsa kawiri. Ndikapeza zakupsa kwambiri, zija ogulitsa amatsitsa madzulo, ndimazikanya ndi mgaiwa n'kukazinga zitumbuwa. Manachesi a ku Mwanza akafika m'miyezi yozizira ndimapuma, chifukwa amabwera atadzikulunga okha.

Za timapaketi tija tinagwirizana: Lachisanu lokha. Sindinafune kuzisandutsa chipatso choletsedwa, ndiponso sindikufuna kuti mwana wanga akhale mlaliki wa zakudya pabwalo la sukulu, kumaloza anzake chala ndi mawu anga. Ali ndi zaka zochepa, ndipo kufuna kufanana ndi anzako pa msinkhu umenewo si tchimo. Nkhondo ya ulemu wa chakudya cha kwathu ndi yanga, ndiyenera kuimenyera pabalaza panga. Si chilungamo kumutuma iye kuti akaimenye yekha pa buleki pamene ine ndikubisa ndowa.

Zitumbuwa ndizo zinayamba kutha zonse. Poyamba ndinkaika ziwiri. Tsiku lina m'mawa, ndikutseka kabakuli, anati, "Amayi, muziika zinayi."

"Zinayi? Mimba yake iti?"

"Ziwiri ndimasinthanitsa ndi bisiketi. China ndi cha mnzanga wina. Amangobwera ndi madzi."

Nkhani ya bisiketiyo inandiseketsa: ndiye kuti pabwalo paja pali msika, ndipo zakumudzi zili ndi mtengo wake. Ya mnzakeyo sinandiseketse. Ndinkaganiza kuti pasukulu yolipira palibe mwana wongobwera ndi madzi. Koma ndikudziwa mmene zimakhalira: kholo limakoka lamba mpaka pabowo lomaliza kuti fizi ikwane, yunifolomu ikhale yochapa, nsapato zipakidwe polishi, ndipo pofika pa kabakuli palibe chatsala. Njala ya m'tauni imavala bwino. Sindinamufunse dzina la mnzakeyo, ndipo sindikufuna kulidziwa, kuopa kuti ndingadzayang'ane mayi ake mwa mtundu wina pamsonkhano wa makolo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndinangowonjezera ufa m'mbale yokanyira.

Mayi anga anabwerera ku Dedza kalekale, koma nyengo ya mbatata ikafika amatumizabe thumba pa minibasi, Kadyaubwerere wosakaniza ndi yoyera ija ya makolo. Yokazinga imatha. Yophika ndimaikabe mwa apo ndi apo, mwina chifukwa cha liuma langa, ndipo masiku ambiri imabwerera. Ndimaidya ndekha ndi tiyi cha m'ma 4 koloko, kenaka ndimatsuka kabakuli n'kukavundikira pa thandala kuti kaume.